Nkhani imene inatsalira pa tiyi

Funso limene landisowetsa mtendere linafunsidwa pa nthawi ya tiyi, ndipo analifunsa ndi mkulu wina wa m'komiti ya kopaletivi yathu, bambo amene wakalambira m'munda wa soya. Tinali titangotuluka m'chipinda momwe mtsikana wina, mlangizi amene amayendera alimi athu, amatifotokozera mmene malonda a chaka chimenecho anayendera. Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Pakhoma panadutsa masilaidi ambirimbiri, ena a manambala, ena a mizere yokwera ndi yotsika, ena a zithunzi za amayi atasenza matumba. Atamaliza, wapampando anafunsa ngati panali mafunso. M'chipinda munangoti zii, kenako tinawomba m'manja n'kutuluka. Ndiye mkulu uja, kapu ili m'manja, anandiyandikira n'kunong'ona kuti, "Akulu, kodi mwanayu amati tichite chiyani?" Sanafunse monyoza ayi. Anamvetsera ola lonse ndi mtima umodzi, ndipo ankafunadi kudziwa.

Ndinamukodola mlangiziyo. "Achemwali, tabwerani, bambowa ali ndi funso." Atalimva anayamba wayang'ana uku ndi uku kuti aone amene anali pafupi, kenako anatsitsa mawu. "Bambo, vuto ndi lakuti ife timachedwa kulipira. Mlimi akabweretsa soya timamuuza kuti adikire, pomwe venda amafika ndi sikelo pakhomo n'kupereka ndalama pompo. Sukulu zikamatsegulira, mlimi sangadikire. Tikapanda kupeza ndalama zogulira pamanja chaka chamawa, mamembala ambiri sitiwaonanso." Sizinamutengere ngakhale mphindi imodzi. Mkulu uja anaika kapu pansi. "Nanga bwanji simunanene zimenezi m'kati muja?" Mtsikanayo anayankha mwaulemu kuti, "Zinalimo, bambo." Ndipo zinalimodi. Madzulo ake ndinazipeza m'mapepala amene anatigawira, chakumapeto, pa silaidi ya zovuta zimene amakumana nazo. Panali mndandanda: misewu yoipa, kukwera mtengo kwa mafuta, mvula yosadalirika, ndipo pakati pa zimenezi panali timawu tiwiri ta Chingerezi tonena za kuchedwa kwa malipiro. Nkhani yokhudza moyo wa kopaletivi yonse inakhala pamenepo ngati mbewu yosakanikirana ndi mankhusu.

Chimene chimandipweteka n'chakuti mtsikanayo sanali waulesi. Akanakhala kuti sanakonzekere, bwenzi nditaiwala kalekale. Iye anakonzekera mpaka kugona usiku kwambiri, akusankha zithunzi, akuwongola Chingerezi, akuyesa kuti manambala akwane m'mabokosi awo. Komanso palibe m'chipinda muja amene ankaidziwa nkhaniyo kuposa iye. Ndiye amene amakhala pamphasa ndi alimi, ndiye amene anaona matumba akukwezedwa panjinga za mavenda mbandakucha. Koma thukuta lonse linathera pa chinthu choonetsa pakhoma, ndipo sanapeze mpata wodzifunsa kuti anthuwa akamatuluka akhale atadziwa chiyani, atagwirizana chiyani. Si iye yekha. Ndaziona m'misonkhano ya m'mahotela a ku Lilongwe ndi kunyanja, m'maofesi a mabungwe, ngakhale kwa achinyamata amene akupempha mpamba wa bizinesi kwa obwereketsa ndalama. Munthu akauzidwa kuti Lachinayi alankhule, amayamba ndi kutsekula laputopu, kawirikawiri pa fayilo ya chaka chatha, n'kumasintha madeti. Tsiku likafika amaima atayang'ana kukhoma, anthu akumuona kumsana, iye akuwawerengera zimene akuziona okha ndi maso awo. Tazizolowera moti sitidabwanso. Timangodikira kuti afike pa silaidi yothokoza.

Poyamba ndinkaloza chala chipangizocho. PowerPoint inatuluka mu 1987, ndipo anaipanga ndi Robert Gaskins ndi Dennis Austin pa kampani yaing'ono ya ku California yotchedwa Forethought, imene Microsoft inaigula chaka chomwecho ndi madola 14 miliyoni. Ntchito yake yoyamba inali yochepa: kuthandiza munthu kukonza mapepala oonekera mkati aja amene ankaikidwa pa pulojekita zakale. Inali yothandizira wolankhula, osati yolankhula m'malo mwake. Ndipo pali chifukwa chomveka chimene kuwerenga masilaidi kumagonetsera anthu. Richard Mayer, katswiri wa maphunziro ku University of California, Santa Barbara, anaonetsa m'kafukufuku wake kuti anthu amagwira bwino nkhani akamaona chithunzi n'kumamva kufotokoza kwa pakamwa, kusiyana ndi pamene mawu omwewo alembedwanso pa sikirini. Diso limathamanga kuposa pakamwa. Wolankhula ali pa mzere woyamba, omvera afika kale pa mzere womaliza, ndipo mutu ukuyesa kutsatira mawu awiri nthawi imodzi mpaka umangowasiya onse. Zimenezi n'zoona, koma ndikaganizira za mtsikana uja ndimaona kuti sizikufika pa tsinde. Akanachepetsa mawu pa silaidi iliyonse, timawu tiwiri tija tikanakhalabe chakumapeto, pakati pa misewu ndi mvula.

Nkhani imene inandithandiza kuona bwino inachitikira kutali ndi soya wathu. Pa 16 January 2003, chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Columbia chinanyamuka ndi anthu asanu ndi awiri. Patangopita masekondi pafupifupi 82, chidutswa cha thovu louma lokutira thanki ya mafuta chinathothoka n'kumenya phiko lakumanzere. Makamera anajambula zimenezi, ndipo chombo chili m'mwamba, mainjiniya a kampani ya Boeing anapemphedwa kuti afotokozere akuluakulu a NASA, bungwe limene linkayendetsa chombocho, ngati panali choopsa. Anafotokoza ndi masilaidi. Imodzi mwa iyo inadzaunikidwa mzere ndi mzere ndi Edward Tufte wa ku Yale University, ndipo chimene anapeza chimandizizira m'thupi. Mutu wa silaidiyo, wa zilembo zikuluzikulu, unali wokhazika mtima pansi. Koma m'munsi mwenimweni, m'timalemba ting'onoting'ono, munali mfundo yakuti chidutswa chimene chinamenya phikolo chinali chachikulu kuwirikiza ka 640 poyerekeza ndi zidutswa zimene anagwiritsa ntchito poyesa. Kunena kwina, kuyesa konse kumene ankadalira sikukanatha kuwauza chilichonse chodalirika pa ngozi imeneyi. Pa 1 February chombocho chinasweka chikubwerera, chili pamwamba pa Texas, ndipo onse asanu ndi awiri anafa. Bungwe limene linafufuza ngoziyo linatulutsa lipoti lake mu August chaka chomwecho, ndipo mwa zina linadandaula kuti ku NASA masilaidi anali atalowa m'malo mwa malipoti olembedwa bwino. Sindikunena kuti silaidi imodzi ndiyo inapha anthu. Panali zizolowezi zambiri zoipa zimene zinamera kwa zaka. Koma ndimangoganiza za injiniya amene analemba mfundo ija. Ankaidziwa. Anaiika. Wina atamufunsa pambuyo pake, akanatha kuyankha moona mtima kuti zinalimo.

Apa ndi pamene maganizo anga anakhota. Munthu saika nkhani yaikulu m'timalemba tating'ono chifukwa chosadziwa kugwiritsa ntchito kompyuta. Amaiika pamenepo chifukwa ndi malo otetezeka: wanena, koma sananene. Zikadzavuta adzaloza kuti ndinalemba, ndipo zikapanda kuvuta palibe amene wakhumudwa. Mtsikana uja ankadziwa bwino kuti amene amachedwetsa malipiro si mvula kapena msewu. Anali anthu amene anakhala kutsogolo kwake, ena a msinkhu wa bambo ake, ena amene amasaina kalata yake ya ntchito. Kuti aime n'kuyamba ndi mawu akuti alimi akutithawa chifukwa ife timachedwa kulipira, zikanafuna mtima umene maphunziro a masiku awiri a kalankhulidwe sangapereke. Tinaleredwa kuti mwana sayang'ana wamkulu m'maso, kuti nkhani yowawa imazunguliridwa, ndipo ine sindili m'gulu la amene amati ulemu umenewu ndi wachikale. Ulemu ndi umene umatisunga pamodzi tikasemphana. Komabe pali kuzungulira kumene kumakafika, ndi kuzungulira kumene kumangothera m'njira. Makolo ankazungulira kuti mawu akafike munthu atakonzeka kuwalandira. Ife taphunzira kuzungulira kuti mawu asafike n'komwe, ndipo pulojekita yatipatsa pobisalira pooneka ngati pa ntchito yolemekezeka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero akuluakulu. Mtsikanayo ndiye anamva, koma chitseko anachitsekulira panja, kwa anthu awiri okha.

Ndikafuna kukumbuka mmene mawu amafikira, ndimaganiza za munthu amene amaimirira pamaliro kulankhula m'malo mwa banja. Sanapiteko ku maphunziro alionse a kulankhula pagulu, alibe cholemba m'manja, mwina sanagone usiku wonse kusiwa. Koma tamumvetserani. Amayamba ndi kupereka ulemu, kwa amfumu, kwa abusa, kwa akuchimuna ndi akuchikazi, ndipo sachita izi mongokwaniritsa mwambo, chifukwa potchula anthuwo akudzikumbutsa amene akumumva ndi chimene aliyense wabwerera. Akatero amalowa m'nkhani molunjika modabwitsa: matenda anayamba liti, tinapita nawo kuti, madokotala anati chiyani, anatisiya tsiku liti. Amadziwa kuti pagulupo pali ena amene akunong'onezana kuti banja linanyalanyaza wodwala, kapena kuti imfayi ili ndi mwini wake, ndipo amasankha mawu amene angazimitse manong'onong'o amenewo popanda kutchula munthu. Amadziwanso kuti adzukulu akudikira kumanda ndipo dzuwa likupendeka, choncho sangatalikitse. Akamakhala pansi, aliyense wadziwa chimene chinachitika, chimene banja likuthokoza, ndi chimene chitsatire. Anakonzekera, inde, koma kukonzekera kwake kunali kwa mtundu wina. Usiku uja anakhala pambali ndi eni mbumba n'kufunsana kuti mawa tinene chiyani, tisiye chiyani, ndani angapwetekedwe ndi mawu ati. Anayamba ndi anthu, osati ndi zoonetsa. Ndimadabwa kuti luso limeneli tili nalo m'mudzi uliwonse, koma tikavala jekete n'kulowa m'chipinda cha msonkhano timalisiya pakhomo ngati kuti silikugwirizana ndi ntchito ya muofesi.

Mwina china chimene timalisiyira pakhomo n'chilankhulo. M'chipinda chathu chija munalibe mlendo ngakhale mmodzi, tonse timalankhula Chichewa kunyumba, koma ola lonse linadutsa m'Chingerezi, ndipo choonadi chinatuluka m'Chichewa pa tiyi. Sindikuti Chingerezi n'choipa. Pali misonkhano imene sichingapeweke. Chimene ndaona n'chakuti ambiri timaopa kuchiphwanya kuposa mmene timaopera kusamveka, ndiye timakakamira ziganizo zolembedwa kale chifukwa m'menemo mulibe cholakwika. Pamenepa ndimakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ndi njinga ya bambo ake, atawaona m'buku la mulaibulale. Mu June 2007 anamuitana ku msonkhano wa TEDGlobal ku Arusha m'dziko la Tanzania. Anali ndi zaka 19. Pa nsanja anaima ndi Chris Anderson, mkulu wa TED, amene ankamufunsa mafunso, ndipo iye ankayankha mwachidule, Chingerezi chikumuvuta, mantha akuoneka pankhope. Kumbuyo kwake kunali zithunzi za kwawo ndi za makinawo. Zonse zinatha m'mphindi zochepa chabe. Atabweranso pa nsanja ya TED ku Oxford mu 2009, iye mwini anafotokoza mmene anachitira mantha ulendo woyamba uja. Komatu anthu a ku Arusha anamumva, ndipo ena mwa iwo anadzipereka kumulipirira maphunziro, njira imene inamufikitsa ku Dartmouth College komwe anamaliza mu 2014. Ndikamaonera kanema ameneyo sindiona luso la kalankhulidwe. Ndimaona mnyamata amene ali ndi chinthu chimodzi chenicheni choti anene, chimene anachigwira ndi manja ake, ndi zithunzi zimene zikuonetsa zomwe pakamwa sipakanatha kujambula. Zithunzizo sizinamubise, zinamuchitira umboni.

Kwa kanthawi ndinkaganiza kuti mankhwala ake ndi kutaya mapepala onse n'kulankhula za pamtima. Koma nkhani ina ya kwathu kuno imanditsutsa. Pa 8 March 1992, Lamlungu loyamba la nyengo ya Lenti, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi. Ansembe ndi akatekisi anaiwerenga papepala, mawu ndi mawu, ena manja akunjenjemera. Inanena poyera za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, za mantha olankhula. Boma linaitcha kalata youkira, Monsignor John Roche, mmodzi mwa amene anaisainira, anathamangitsidwa m'dziko, ndipo pa 14 June 1993 Amalawi anavota pa riferendamu n'kusankha ndale za zipani zambiri. Amene anaimva tsiku limenelo saiwala mmene m'tchalitchi munakhalira bata. Palibe amene anagona, ngakhale kuti inali yowerengedwa. Choncho pepala si mdani. Kalatayo inagwira anthu chifukwa olemba ake anali atakhala pansi n'kusankha chimene akuimapo, anachilemba m'ziganizo zathunthu zimene munthu sangazithawe, n'kusainira mayina awo pansi. Mndandanda wa timawu tiwiritiwiri umalola munthu kutchula vuto popanda kunena amene walichititsa, kukula kwake, ndi chimene chichitike likasiyidwa. Chiganizo chathunthu sichilola zimenezo, chimafuna wochita ndi chochitika. N'chifukwa chake sindinadabwe kumva kuti mu 2004 Jeff Bezos analetsa PowerPoint m'misonkhano ya akuluakulu a kampani ya Amazon, n'kulamula kuti wobweretsa nkhani azilemba chikalata cha masamba ochepa, ndipo msonkhano uziyamba ndi onse kuwerenga mwakachetechete asanayambe kukambirana. Sindikudziyesa kuti njira imeneyo ingagwire m'komiti ngati yathu, momwe ena maso anafooka ndipo ena sukulu sanapite nayo patali. Chimene ndikutolapo n'chakuti munthu akakakamizika kulemba ganizo lake m'chiganizo chomveka, amazindikira msanga ngati ali nalo kapena alibe.

Ndiye kukonzekera kwenikweni kumaoneka bwanji? Ndinakulira pafupi ndi mkulu wa mpingo wina amene Loweruka madzulo ankayendayenda kuseri kwa nyumba akulankhula yekha. Ana tinkasuzumira pa mpanda. Ankanena chiganizo, n'kuima, n'kupukusa mutu, n'kuchinenanso mwanjira ina. Nthawi zina ankaitana mayi a kunyumba kwake kuchokera kukhitchini, n'kuwafunsa kuti, "Anaphiri, mwamva kuti ndikuti chiyani?" Mayiwo akabwereza zosiyana ndi zimene ankafuna, sankawatsutsa, ankabwerera kuseri kuja. Lamlungu ulaliki wake unkakhala waufupi, ndipo Lachitatu anthu ankaukambabe pachitsime. Panopa ndikuona chimene ankachita. Ankayesa mawu ake pa khutu la munthu wina asanawatengere pagulu, chifukwa mawu amene amaoneka omveka m'mutu kapena pa sikirini amatha kupunthwa akangotuluka pakamwa. Kulankhula mokweza kumaulula chiganizo chotalika mopitirira mpweya, nambala imene sungathe kuifotokoza, ndi mbali imene waiika chifukwa choti ena onse amaiika. Kumaululanso nthawi. Amene wapatsidwa mphindi 15 ndipo sanayeseko ndi wotchi amafika theka la nkhani wapampando akumupatsira kapepala, ndiye amathamangitsa masilaidi otsalawo, ndipo kawirikawiri pempho lake, chinthu chimene anabwerera, chimakhala m'mene mwathamangitsidwamo. Misonkhano ya TED inaika malire a mphindi 18 ngakhale kwa akatswiri otchuka, ndipo ambiri amakwanitsa chifukwa amakakamizika kutaya zabwino zambiri kuti chofunika chimodzi chipeze mpweya. Kutaya kumeneko n'kowawa. Munthu watolera manambala kwa miyezi, ndiye umuuze kuti atatu okha ndiwo alowe, ena akhale m'pepala logawa kwa ofuna kuwaona. Koma mlimi wa m'komiti sangasenze manambala makumi anayi kupita nawo kunyumba. Angasenze nambala imodzi kapena ziwiri, ngati wauzidwa chimene zikutanthauza pa thumba lake la soya.

Mantha nawo sindikufuna kuwapeputsa. Mawondo amagwedezeka, pakhosi pamauma, mawu oyamba amatuluka ngati a munthu wina. Kukonzekera sikuwachotsa, kumangochititsa kuti pakamwa padziwe njira ngakhale mtima ukugunda. Amene wanena chiganizo chake choyamba mokweza kambirimbiri kunyumba amachipeza chikumudikira akaima. Ndipo chiganizo choyambacho, ulemu ukangoperekedwa, chiyenera kukhala chimene wabwerera. Mtsikana uja akanatha kulemekeza wapampando ndi makolo onse monga mwa mwambo, kenako n'kunena kuti wabwera ndi nkhani imodzi yovuta ndi pempho limodzi, n'kuzitchula, ndipo manambala onse aja akanabwera pambuyo kudzaikira umboni. Sakanachotsa ulemu ngakhale pang'ono. Ola lija likanasanduka mphindi khumi za iye ndi mphindi makumi asanu za ife, tikukangana za komwe tingapeze ndalama zogulira pamanja, imene inali ntchito yeniyeni ya komiti tsiku limenelo.

Komabe ndikamazungulira nkhaniyi ndimafika pamalo pamene sindingamusiye mtsikanayo yekha ndi katundu yense. Iye anayang'ana uku ndi uku asanayankhe. Kuyang'ana kumeneko anakuphunzira kwinakwake. Anaonapo mnzake akunena zoona mumsonkhano n'kufunsidwa kuti wamutuma ndani, kapena kuuzidwa kuti nkhani zotere sizikambidwa pagulu, kapena kungoona kuti ulendo wotsatira sanaitanidwe. Achinyamata athu si opusa. Amaona chimene chimalipidwa ndi chimene chimalangidwa, ndipo masilaidi makumi anayi osakhumudwitsa aliyense sanachotsetsepo munthu ntchito. Tingawatumize ku maphunziro a kalankhulidwe chaka ndi chaka, akaphunzire kuima mowongoka, kuyang'ana anthu m'maso ndi kusankha zilembo zazikulu, koma ngati chipinda chimene akubwereramo sichifuna kumva, adzagwiritsa ntchito luso lomwelo pobisa bwino kwambiri. Ku NASA nakonso ofufuza anapeza kuti mainjiniya ena anali ndi nkhawa ndipo anapempha kuti phikolo lijambulidwe chombo chikadali m'mwamba, koma pempho lawo silinapite patali. Wolankhula ndi womvera amaumbana.

Choncho mawu anga akupita kwa inu amene mumakhala kutsogolo, apampando, mabwana, makolo a m'makomiti. Mukamuitana wachinyamata kuti adzafotokoze, muuzeni pasadakhale kuti mukufuna ayambe ndi chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri, m'chilankhulo chimene angachinenere bwino. Ndipo akalimba mtima n'kunena, n'kupezeka kuti vutolo likuloza kwa inu, musamufunse kuti wamutuma ndani. Mufunseni kuti waona chiyani, ndipo mumulole amalize.